MLANDU SUOLA: ANYAMATA A SYSTEM OF A DOWN AKUKUWIRANJI CHONCHI?

Mukaimva koyamba nyimbo ya gulu la System of a Down mutha kuthamangira kukazimitsa wailesi poganiza kuti sipika yaphulika. Magitala amalira ngati chigayo chimene chameza mwala, ng'oma zikugunda ngati matalala padenga la malata, kenaka munthu n'kuyamba kukuwa ngati wapeza njoka m'bulangete. Musanatseke n'komwe makutu, zonse zija zii! Munthu yemwe uja wayamba kuimba mofatsa, mawu anthetemya ngati wa kwaya pamaliro.

Ena akamva amangoti ndi za misala, ena amati ndi za chamba. Koma abale, musafulumire kugamula. Phokoso limeneli lagulitsa zimbale mamiliyoni ambirimbiri, ladzazitsa mabwalo a mpira, ndipo pansi pake pagona nkhani ya maliro a mtundu wathunthu amene papita zaka zoposa 100 eni mlandu asanapepese.

Anyamata ake ndi anayi: Serj Tankian amene amatsogolera kuimba, Daron Malakian wa gitala amenenso amaimba ndi kupeka nyimbo zambiri, Shavo Odadjian wa besi, ndi John Dolmayan wa ng'oma. Onse anakulira ku Los Angeles m'dziko la America, koma onse ndi a mtundu umodzi, mtundu wa anthu a ku Armenia.

ANA A MTUNDU WOBALALIKA

Kuti mumvetse gululi, yambani mwafunsa kumene aliyense anabadwira. Tankian anabadwira ku Beirut m'dziko la Lebanon mu 1967. Dolmayan nayenso ndi wa ku Beirut komweko. Odadjian anabadwa mu 1974 ku Yerevan, likulu la Armenia, nthawi imene dzikolo linali pansi pa Soviet Union. Malakian yekha ndiye anabadwira ku Los Angeles mu 1975, koma makolo ake anachokera ku Iraq.

Nanga anthu a mtundu umodzi anamwazikana bwanji chonchi ngati mapira otayika pamsewu? Yankho lake lili m'chaka cha 1915.

Nthawi imeneyo kunali nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija agogo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Dera limene lero ndi dziko la Turkey linali pansi pa ufumu wa Ottoman, ndipo mu ufumuwo munkakhala anthu ambiri a mtundu wa Armenia, amene ndi Akhristu kuyambira kalekale. Pa 24 Epulo 1915 boma linagwira atsogoleri awo, alembi, aphunzitsi ndi ansembe mumzinda wa Constantinople, umene lero ndi Istanbul. Ambiri mwa iwo sanaonekenso.

Chotsatira chinali choopsa kuposa pamenepo. Amuna ankaphedwa, amayi, ana ndi nkhalamba ankatulutsidwa m'midzi yawo n'kuwayendetsa wapansi kupita ku chipululu cha Syria, kudera la Deir ez-Zor, opanda madzi, opanda chakudya. Anthu a ku Armenia amati amene anafa anakwana 1.5 miliyoni. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati uku kunali kupulula mtundu mwadala, kumene pa Chingerezi amati genocide. Boma la Turkey limavomera kuti anthu ambiri anafa, koma limakana kwamtuwagalu kuti panali cholinga chofafaniza mtundu. Limati zinali za nkhondo basi.

Opulumuka anathawira ku Lebanon, Syria, Iraq, France, America ndi kwina. N'chifukwa chake lero anthu a mtunduwu amene ali kunja ndi ochuluka kuposa anthu pafupifupi 3 miliyoni amene ali mu Armenia mwenimwenimo. Mmodzi mwa ana amene anapulumuka anali a Stepan Haytayan, agogo ake a Tankian. Mnyamatayu anakula akumva nkhaniyi kuchokera pakamwa pa mwini wake, osati m'buku ayi.

KUCHOKERA KUSUKULU KUFIKA KU SITUDIYO

Banja la Tankian linasamukira ku Los Angeles mu 1975, chaka chimene nkhondo yapachiweniweni inabuka ku Lebanon. Iye, Malakian ndi Odadjian onse anaphunzirapo pasukulu ya ana a mtundu wawo yotchedwa Rose and Alex Pilibos ku Hollywood, koma poti Tankian anali wamkulu kwa anzakewo ndi zaka 7 kapena 8, sankacheza. Anadzadziwana bwino mu 1992 atakumana pamalo ena poyeserera nyimbo, aliyense ali ndi gulu lake.

Tankian ndi Malakian anayamba kagulu kotchedwa Soil, ndipo Odadjian poyamba anali woyendetsa chabe zinthu za gululo asanagwire chida. Soil itatha, mu 1994 anakhazikitsa System of a Down. Dzinali analitenga pamutu wa ndakatulo imene Malakian analemba, koma liwu loyamba analisintha kukhala System. Zina mwa zifukwa zake n'zoseketsa: ankafuna kuti m'masitolo, mmene zimbale amaziyala motsatira zilembo, chawo chizikhala pafupi ndi cha Slayer, gulu limene iwo ankaligomera.

Woimba ng'oma woyamba anali Andy Khachaturian, koma anavulala mkono, ndipo mu 1997 malo ake anatenga Dolmayan. Kuyambira pamenepo nkhope zinayi zimenezi sizinasinthe.

Mtundu wa nyimbo zawo amautcha alternative metal. Mwachidule, metal ndi nyimbo za magitala olemera, amagetsi, zimene magulu ngati Black Sabbath a ku Birmingham anazitchukitsa cha m'ma 1970. Tsono alternative metal ndi pamene oimba atenga kulemera kumeneko n'kusakaniza ndi zina zilizonse zimene akufuna, monga anachitira a Faith No More, Tool ndi Deftones. A System of a Down anathiramo ndiwo zakwawo: kamvekedwe ka nyimbo za ku Armenia ndi maiko oyandikana nawo, za paukwati ndi za m'tchalitchi zomwe. Nyimbo imodzi imatha kusintha liwiro kangapo mphindi zitatu zisanathe, apa mkwiyo, apa nthabwala, apa chisoni.

Ankaimba m'mabala otchuka a ku Hollywood monga Roxy ndi Whisky a Go Go mpaka mkulu wina wojambula nyimbo, Rick Rubin, anawaona n'kuwatenga kukampani yake ya American Recordings. Chimbale choyamba, chotchedwa ndi dzina la gululo, chinatuluka mu Juni 1998. Nyimbo za "Sugar" ndi "Spiders" ndi zimene zinamveka pawailesi, koma yotsekera, "P.L.U.C.K.", inali yokamba za 1915 mosapsatira mawu. Tangoganizani, anyamata ongoyamba kumene, ofuna kutchuka, n'kumauza achinyamata a ku America za dziko limene ambiri sankadziwa n'komwe pamene lili pamapu. Chaka chomwecho anayenda limodzi ndi a Slayer aja, maloto n'kupherezera.

CHIMBALE CHATULUKA, NDEGE ZAGWA

Chimbale chachiwiri, "Toxicity", ndicho chinawaika pamwamba, koma chinabwera ndi mikwingwirima. Pa 3 Sepitembala 2001 anakonza zoimba mwaulere pabwalo lina loimikapo magalimoto ku Hollywood. Kunabwera chinamtindi cha anthu choposa chimene malowo akanalandira, akuluakulu a chitetezo n'kuletsa zoimbazo. Anthu anakwiya, anaswa mawindo, anaononga ndi kuba zida za gululo, apolisi n'kulowererapo.

Mawa lake, pa 4 Sepitembala, chimbale chinatuluka. Sabata yoyamba yokha chinagulidwa makope pafupifupi 220,000 n'kukhala nambala wani pamndandanda wa Billboard 200, umene umaonetsa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Koma nkhani yabwinoyi inafika sabata imene zigawenga zinaomba ndi ndege nyumba zitalizitali za World Trade Center ku New York pa 11 Sepitembala. Chimwemwe chonse chinathera pomwepo.

Kampani ya Clear Channel, imene inali ndi mawailesi ochuluka zedi m'dzikomo, inatumiza mndandanda wa nyimbo zoposa 150 zimene inati si zoyenera kuulutsidwa nthawi ya chisoniyo. "Chop Suey!", nyimbo yawo imene inali pakamwa pa aliyense, inali pomwepo chifukwa imatchula za kudzipha.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, patangopita masiku awiri Tankian analemba nkhani yotchedwa "Understanding Oil" n'kuiika pa intaneti. M'nkhanimo anadzudzula zauchigawengazo, komanso anati America iunikenso zimene imachita kumaiko a Aluya chifukwa cha mafuta. Heee! Anaputa mavu nkhomola. Nkhaniyo inachotsedwa msanga, anthu ankamunena kuti ndi wosakonda dziko, ndipo gululo linalandira mauthenga oopseza. Komabe chimbale sichinaleke kugulidwa.

Mu "Toxicity" mulinso "Prison Song", yodzudzula America pomanga ndende zambirimbiri n'kudzazamo anthu a milandu ing'onoing'ono ya mankhwala ozunguza bongo. Kumapeto kwenikweni anabisako kanyimbo ka zida zakwawo, mothandizidwa ndi katswiri Arto Tunçboyacıyan.

Mu 2002 anthu ena anaba nyimbo zawo zosamaliza n'kuzimwaza pa intaneti. M'malo molira, anyamatawa anazikonza bwino n'kuzitulutsa mu Novembala pamutu wakuti "Steal This Album!", kutanthauza kuti ibani chimbalechi. Chinkaoneka ngati CD yokopera kunyumba yolembedwa ndi cholembera pamanja. Kanema wa nyimbo ya "Boom!" anajambula ndi Michael Moore, ndipo akuonetsa anthu mamiliyoni amene anayenda m'misewu ya maiko osiyanasiyana pa 15 Febuluwale 2003 kukana nkhondo ya ku Iraq. Kwa Malakian nkhondoyo sinali ya pa TV chabe, poti abale ake anali komweko kumene mabomba ankagwera.

PAMWAMBA PENIPENI, KENAKA ZII

Chaka cha 2005 chinali chawo. Mu Meyi anatulutsa "Mezmerize", mu Novembala "Hypnotize", ndipo zonse ziwiri zinayambira pa nambala wani, chinthu chimene ndi oimba owerengeka okha anachitapo m'chaka chimodzi. Zithunzi za pachikuto anajambula ndi bambo ake a Malakian, a Vartan Malakian. Nyimbo ya "B.Y.O.B.", imene imafunsa chifukwa chake kunkhondo kumapita ana a amphawi pamene atsogoleri ali phee kunyumba, inawapatsa mphoto ya Grammy mu 2006. Ina, "Holy Mountains", inabwereranso kumaliro a 1915. Paja phiri la Ararat, limene anthu a ku Armenia amalitenga ngati chizindikiro cha mtundu wawo, lero lili mbali ya Turkey. Amangoliona chapatali ali ku Yerevan.

Kutchuka konseku sanakudyere okha. Mu Sepitembala 2005 Tankian ndi Dolmayan anatsogolera anthu kupita ku ofesi ya sipikala wa nyumba ya malamulo ya America, a Dennis Hastert, ku Illinois, kukawapempha kuti alole aphungu avote pankhani yovomereza kuti za 1915 zinali kupulula mtundu. Voti siinachitike. Turkey ndi bwenzi la America m'bungwe la asilikali la NATO, ndipo atsogoleri sankafuna kuikwiyitsa.

Mu 2006 kunatuluka filimu ya "Screamers" yojambulidwa ndi Carla Garapedian, yotsatira gululi pankhondo yake imeneyi. Agogo aja a Haytayan akuonekamo, atakalamba zedi, akufotokoza zimene anaona ali mwana. Akuonekamonso a Hrant Dink, mkonzi wa nyuzipepala ya Agos ku Istanbul, amene ankalemba za nkhaniyi ali m'dziko la Turkey momwemo. Pa 19 Januwale 2007 a Dink anaomberedwa ndi mfuti kunja kwa ofesi yawo masana dzuwa likuswa mtengo. Pamenepo ndi pamene ena anazindikira kuti anyamata okuwa aja sankasewera.

Koma pofika nthawiyo gululo linali litakhala kale chete. Mu Ogasiti 2006, ali pamwamba penipeni, anaimba komaliza ku Florida n'kuyamba kupuma. Tankian anatulutsa chimbale chakechake, "Elect the Dead", mu 2007. Malakian ndi Dolmayan anayamba gulu la Scars on Broadway. Odadjian anakagwirizana ndi RZA wa gulu la Wu-Tang Clan. Aliyense kwake.

ZA M'NYUMBA ZITULUKIRA PABWALO

Anabwereranso pamodzi mu 2011 n'kuyamba kuimba m'maiko, koma nyimbo zake zakale zomwe zija. Owakonda anadikira chimbale chatsopano mpaka maso kuchita gwa.

Chinatsitsa dzaye chinadziwika mu 2018. Malakian anauza atolankhani kuti amene akukoka miyendo ndi Tankian. Tankian sanakane. Analemba poyera kuti kupuma kwa 2006 anachititsa ndi iyeyo, ndipo anafotokoza chifukwa chake. Anati pofika nthawi ya "Mezmerize" ndi "Hypnotize", Malakian ndiye ankalamula za kapekedwe ka nyimbo komanso kutenga gawo lalikulu la ndalama za upeki. Iye ankafuna kuti onse awiri azibweretsa nyimbo mofanana, ndalama zizigawidwa mwachilungamo, ndipo mwini nyimbo ndiye azikhala ndi mawu omaliza pa nyimbo yakeyo. Sanamvane.

Ndiye mwaonatu, anthu amene amaphunzitsa dziko lonse za chilungamo analephera kugawana nkhuku yawo yomwe. Nyimbo zimene Malakian anasunga anazitulutsa ndi Scars on Broadway mu 2018, ndipo zimene Tankian anakonzera gululo anazitulutsa payekha mu 2021 pamutu wakuti "Elasticity".

Ndale nazo zinalowa m'nyumba. Dolmayan anaonetsa poyera kuti amasapota a Donald Trump, pamene Tankian ankawadzudzula a Trump usana ndi usiku. Chokometsa nkhani n'chakuti awiriwa anakwatira pakhomo limodzi, munthu ndi mng'ono wake. Kaya pachakudya cha Khirisimasi amakambirana zotani, amadziwa okha.

CHIBALE N'FUPA

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikaitana, anayi onsewa amaiwala mikangano n'kunyamula zida.

Mu 2015, pokumbukira kuti patha zaka 100, anayenda m'maiko paulendo umene anautcha Wake Up the Souls. Anamalizira ku Yerevan pa 23 Epulo, usiku woti mawa lake ndi tsiku la chikumbutso. Aka kanali koyamba kuti gululi liimbe pa nthaka ya Armenia. Anaimba mwaulere pabwalo la Republic Square kwa maola oposa awiri, mvula ikukhuthuka, anthu masauzande ambirimbiri osasuntha. Zidzukulu za anthu othamangitsidwa zinabwera kudzalira maliro a agogo awo ndi magitala amagetsi.

Chachiwiri chinachitika mu 2020. Pa 27 Sepitembala nkhondo inabuka pakati pa Azerbaijan, mothandizidwa ndi Turkey, ndi anthu a mtundu wa Armenia a m'dera la Nagorno-Karabakh, limene iwo amalitcha Artsakh. Malamulo a maiko amati deralo ndi la Azerbaijan, koma okhalamo ambiri anali a mtundu wa Armenia. Dolmayan, yemwe uja wa a Trump, ndiye anatumizira anzake uthenga palamya kuti aike pambali zosiyana zawo, achitepo kanthu. M'masiku owerengeka analowa mu situdiyo, ndipo pa 6 Novembala anatulutsa nyimbo ziwiri, "Protect the Land" ndi "Genocidal Humanoidz". Zinali zoyamba patatha zaka 15. Ndalama zake, zoposa madola 600,000, zinapita kuthumba lothandiza ovutika ndi nkhondoyo la Armenia Fund.

Chimene ndalama, mbiri ndi kuchonderera kwa owakonda zinalephera kwa zaka 15, kulira kwa kumudzi kunachita m'masabata ochepa. Akulu sananame, chibale n'fupa sichiola.

NANGA KUKUWAKO KWAPHULA KANTHU?

Tisanamizane, nyimbo siziimitsa chipolopolo. Nkhondo ya 2020 inatha patapita masiku 44, Armenia itagonja. Mu Sepitembala 2023 asilikali a Azerbaijan analanda dera lonse lija, ndipo anthu oposa 100,000 a mtundu wa Armenia anathawa m'masiku ochepa, kusiya nyumba, minda ndi manda a makolo awo. Gitala sinawabwezere chilichonse.

Koma mbali inayi zinthu zinasuntha. Mu 2019 nyumba zonse ziwiri za malamulo ku America zinavomereza kuti za 1915 zinali kupulula mtundu, voti ija a Hastert anaikhalira. Pa 24 Epulo 2021 pulezidenti Joe Biden anatchula liwu lenilenilo m'uthenga wake wa tsiku la chikumbutso, chinthu chimene atsogoleri ambiri am'mbuyo mwake ankalonjeza pokopa mavoti koma n'kuchizemba akalowa m'boma. Sitinganene kuti ndi System of a Down yokha inachita zimenezi. Mabungwe a anthu a ku Armenia, akatswiri a mbiri yakale ndi atolankhani ngati a Dink anamenya nkhondoyi kwa zaka zambiri, ena mpaka kutaya moyo. Koma ndani wina anatenga nkhani ya nkhalamba za ku Beirut n'kuilowetsa m'makutu a mwana wa zaka 15 wa ku Texas, ku Berlin kapena ku São Paulo?

Mu 2024 Tankian anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake, "Down with the System", mmene anaulula kuti nthawi ina anauza anzakewo kuti angopeza woimba wina m'malo mwake, poti iye maulendo ataliatali anatopa nawo. Sizinatheke. Mu 2025 anayi omwe aja anakadzazitsa mabwalo a mpira ku South America, ambiri mwa oonerera ali achinyamata amene anali asanabadwe pamene "Toxicity" inkatuluka. Zimbale zawo zikadali zisanu zomwe zija, chomaliza cha 2005.

A Stepan Haytayan anatisiya kale, ndipo Turkey siinasinthe mawu ake. Koma mdzukulu wawo akakwera pansanja n'kutsegula kukamwa, anthu masauzande amene sanapondepo ku Armenia amayankha nyimbo ya maliro a 1915 liwu ndi liwu. Ndiye tsiku lina mukadzamva mwana wanu watsekera m'chipinda phokoso lonenedwa lija, musathamangire kuzimitsa wailesi. Yambani mwamufunsa ngati akudziwa chimene munthuyo akukuwira.